Lipoti la msonkhano wa magulu osunga ndalama: kodi banja limasungadi zingati pa mwezi?

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakayimira gulu lathu pa msonkhano wa masiku awiri wa nthumwi za magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ndikukuthokozani pondikhulupirira. Mutu waukulu unali funso lakuti banja limakwanitsa kusunga ndalama zingati pa mwezi. Ponyamuka ndinkaganiza kuti ndikabwerako ndi nambala imodzi yoti tizidziyezera, koma chimene ndabwera nacho n'chakuti ambirife sitidziwa zimene timasungadi, chifukwa timawerenga zimene taponya m'bokosi n'kuiwala zimene takongola mwezi womwewo.

Tsiku loyamba mphunzitsi anayamba ndi kutifotokozera mmene akatswiri a zachuma amawerengera nkhaniyi. Iwo amatenga ndalama zonse zimene banja lapeza msonkho utachotsedwa, n'kuchotsapo zonse zimene lagwiritsa ntchito, ndipo chotsalacho ndiye amati lasunga. Anapereka chitsanzo cha banja limene lapeza 100 pa mwezi n'kugula masheya a 10 kugulu, koma sabata yomaliza lakongola 15 ya katapila kuti lidye. M'kabuku ka gulu banjali limaoneka lolimbikira, pamene zoona zake labwerera m'mbuyo ndi 5, chiwongoladzanja chisanawerengedwe n'komwe. Mnzake amene sanagule sheya koma wabweza 10 pa ngongole yakale ndiye wasunga, ngakhale kuti pagulu amamuyang'ana ngati wofooka. Mfundoyi inautsa mkangano wa nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti nthumwi zambiri zinakhudzidwa chifukwa zinakumbukira mamembala awoawo. Inenso ndinakumbukira athu.

Kenaka tinaonetsedwa zimene Banki Yaikulu Padziko Lonse imapeza m'kafukufuku wake wotchedwa Global Findex, amene unayamba mu 2011. Chaka chimenecho akuluakulu 51 pa 100 alionse padziko lapansi anali ndi akaunti, ndipo pofika 2021 anali 76 pa 100, mwa zina chifukwa cha njira zotumizira ndi kusunga ndalama pa foni. Koma kukhala ndi akaunti si kusunga. M'mayiko amene akutukuka kumene, munthu mmodzi yekha pa anayi alionse ndiye anasunga ndalama mu akaunti mu 2021, ndipo 55 okha pa 100 ananena kuti atagwa m'vuto ladzidzidzi angapeze ndalama pasanathe masiku 30 popanda kuvutika kwambiri. Kwa ambiri, koyamba kuthamangira kunali kwa achibale ndi anzawo.

Wina asaganize kuti vutoli n'la mayiko osauka okha. Ku America, banki yaikulu ya dzikolo imafunsa anthu chaka ndi chaka ngati angathe kulipira madola 400 adzidzidzi, ndipo mu 2022 amene anati angalipire ndi ndalama zimene ali nazo kale anali 63 pa 100. Komweko, mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malo ambiri, mabanja onse pamodzi anasunga ndalama zopitirira 30 pa 100 alionse amene anapeza, koma pofika 2022 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 5. Anthuwo sanasinthe mtima mwadzidzidzi: kunalibe kokaonongera ndalama, ndipo boma linkapereka chithandizo. Mphunzitsi anatichenjezanso kuti nambala ya dziko lonse imakokedwa ndi mabanja olemera, amene amasunga gawo lalikulu la zimene amapeza, moti dziko likhoza kuoneka losunga bwino pamene mabanja ambirimbiri sakutsala ndi kanthu.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa lamulo lotchuka la 50/30/20, limene linafalitsidwa ndi Elizabeth Warren ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi mu 2005, lakuti theka la ndalama lipite ku zofunika, 30 pa 100 ku zosangalatsa, ndipo 20 pa 100 ku kusunga ndi kubweza ngongole. Nthumwi zina, makamaka zochokera m'magulu a anthu apantchito ya pamwezi, zinkafuna kuti msonkhano ulimbikitse magulu onse kutsatira 20 ameneyu. Ena anakana, ndipo ine ndinali mbali yawo. Kalekale mu 1857, katswiri wa ku Germany Ernst Engel anaonetsa kuti banja likamasauka, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakulirakulira. Banja limene chakudya, lendi ndi fizi zimadya pafupifupi zonse silingapeze 20 woti lisunge, ndipo kuliumiriza ndi kulikankhira kwa akatapila kuti lisachite manyazi pa tsiku loponya. Ndinanena m'dzina lanu kuti gulu lathu lili ndi anthu a malipiro, amalonda ang'onoang'ono ndi ena amene amapeza ndalama zochuluka kamodzi kapena kawiri pa chaka, kotero mlingo umodzi sungatikwane tonse. Ngati ndinalankhula mopyola zimene munandituma, mundidzudzule pamsonkhano wathu, koma ndikuona kuti ndinanena zoona.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi kafukufuku amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2009, momwe ofufuza anatsata mabanja osauka pafupifupi 250 ku Bangladesh, India ndi South Africa, kuwayendera masabata awiri alionse kwa chaka chathunthu ndi kulemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Anapeza kuti mabanjawo sankangodya zonse zimene apeza monga anthu ambiri amaganizira. Ankasunga m'nyumba, kusungitsa kwa anzawo, kulowa chipereganyu, kukongola ndi kukongoza, zonsezi pa nthawi imodzi. Chimene chinkawasautsa sichinali kuchepa kwa ndalama kokha, komanso kubwera kwake kosadziwika tsiku. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti funso lakuti "pa mwezi" limayenera munthu wa malipiro. Kwa enawo funso loyenera n'lakuti atsala ndi zingati chaka chikatha, miyezi yokoma ndi yowawa itaphatikizidwa.

Tsiku lachiwiri tinakambirana njira zimene zaonetsa kuti zimathandiza. Ku Philippines, banki ina inapatsa makasitomala akaunti imene mwini wake sangatapemo kufikira tsiku kapena kuchuluka kumene anadzilonjeza yekha, ndipo chaka chitatha, ndalama za amene anapatsidwa mwayiwu zinali zochuluka ndi 81 pa 100 poyerekeza ndi za anzawo. Kumadzulo kwa Kenya, kabokosi kachitsulo ka loko, kiyi yake ili ndi mwini yemweyo, kanathandiza anthu kuika ndalama zambiri pa zinthu zoteteza umoyo wawo. Njira yathu ya banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, yakhazikika pa nzeru yomweyo ya kuika ndalama pamalo pamene dzanja silingafike msanga. Zonsezi zikusonyeza kuti ndalama imasungika ikapatulidwa tsiku limene yalowa, pakuti wodikira zotsala kumapeto kwa mwezi kawirikawiri amapeza m'thumba muli mbee.

Tinakhudzanso mwachidule za kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ngati ndalama zosungidwa zapindula 10 pa 100 pa chaka pamene mitengo yakwera ndi 20 pa 100, mwini wake wataya pafupifupi 8 pa 100 a mphamvu yogulira, ngakhale kuti nambala ya m'kabuku yakula. Ndikupempha a msungichuma kuti pa nthawi yogawana adzatithandize kuyang'ana phindu lathu ndi diso limeneli.

Msonkhano sunamange mfundo yokakamiza magulu, ndipo nkhani ya 20 pa 100 inasiyidwa kuti gulu lililonse likaone lokha. Choncho zimene ndikubweretsa ndi maganizo anga oti muwaunike. Ndikupempha kuti banja lililonse limene lingafune lilembe zolowa, zotuluka ndi ngongole zake zonse kwa miyezi itatu, kuphatikizapo ngongole za kunja kwa gulu, ndipo kabukuko kakhale chinsinsi cha banjalo, osati kowerengedwa pagulu, chifukwa munthu akaopa kuyaluka amalemba zabodza ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Ndikupemphanso kuti ganizo lokweza mtengo wa sheya liyambe laima kufikira miyezi itatuyo itatha, popeza tikhoza kukweza n'kupeza kuti zimene zikulowa m'bokosi lathu zikuchokera m'thumba la wobwereketsa wina. Thumba la zadzidzidzi nalonso tilione mwatsopano, pakuti membala amene wathandizidwa msanga pa matenda kapena maliro sakongola mokwera mtengo, ndipo masheya ake amapulumuka.

Mapepala onse amene tinalandira, pamodzi ndi chitsanzo cha kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka, ndawapereka kwa a mlembi, ndipo malisiti a ulendo ndi ndalama zotsala ndapereka kwa a msungichuma. Ndikupempha a wapampando kuti mundipatse mpata pamsonkhano ukubwerawu, tisanayambe kuponya masheya, kuti ndidzaonetse mmene kabukuko kamalembedwera ndi kuyankha mafunso anu.

Ine nthumwi yanu.