Kalata ya Abusa: Mafilimu ndi Mabanja Opezana Ana

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi ndi achinyamata nonse,

Chisomo ndi mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu. Ndikulemberani za mmene mafilimu amene tikuonera pa kanema, pa foni ndi m'nyumba zoonetsera vidiyo akusonyezera mabanja amene bambo kapena mayi anapeza ana, chifukwa mabanja otere alipo ambiri mumpingo muno, ena chifukwa cha imfa, ena chifukwa cha kutha kwa ukwati woyamba.

Chithunzi chimene chinazika mizu kwambiri ndi cha mayi wopeza wankhanza. Kampani ya Disney inachifalitsa dziko lonse mu 1950 ndi filimu ya Cinderella, ndipo mafilimu ambiri a ku Nigeria amene anyamata amawamasulira m'Chichewa akuchipitiriza, mpaka kuwonjezerapo ufiti ndi chiphe cha m'chakudya. Mwana amene waonera zimenezi akamva kuti kukubwera mayi wina, amamuweruza asanatsitse n'komwe katundu wake, ndipo mayi amene amadzuka m'mamawa kuphikira phala ana amene sanawabale amaopa ngakhale kuwatuma kumjigo, poopa kuti anansi anena kuti akuzunza ana amasiye. Sindikukana kuti nkhanza zimachitika, ndipo pamene mwana akumenyedwa, kumanidwa chakudya kapena kugwiriridwa ndi kholo lomupeza, nkhaniyo ipite kupolisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana, osaibisa m'dzina la mpingo. Koma kuika amayi onse opeza m'gulu limodzi ndi ankhanzawo n'kuchitira mnzako umboni wonama.

Mafilimu atsopano a ku America anatembenukira mbali ina, imenenso ikundidetsa nkhawa. Mu filimu ya Blended ya 2014, bambo wamasiye wa ana aakazi atatu ndi mayi wa ana aamuna awiri amene banja lake linatha akumanizana kumalo a tchuthi ku South Africa, ndipo pofika kumapeto onse akondana. Oonera amatsala ndi maganizo akuti chikondi cha akuluakulu awiri n'chokwanira kulumikiza ana m'masiku ochepa, kotero kuti akaona mwana wowapeza akukanabe kuwatchula kuti bambo patatha chaka, amaganiza kuti banja lawo lalephereka. Silinalephereke ayi. Mwanayo akadali kulira kholo lake, ndipo maliro a mwana sathera pa tsiku la ukwati wa amayi ake.

M'mafilimu a ku America amenewa mulibe ankhoswe, mulibe amalume amene kwa ambiri a ife ndiwo eni mbumba, mulibenso funso la munda kapena la amene alipire fizi. Komatu ndi pa zinthu zimenezi pamene mwana amadziwira malo ake. Amaona amene wapatsidwa nthuli yaikulu pa mbale ya ndiwo, amaona amene wagulidwa yunifolomu yatsopano pamene iye akuvala yosiyiridwa, ndipo saiwala.

Malemba Oyera sabisa kuvuta kwa nkhaniyi. Ana a Yakobo anabadwa kwa amayi anayi, Leya, Rakele, Biliha ndi Zilipa, ndipo chimene chinaponyetsa Yosefe m'dzenje, monga tiwerenga pa Genesis 37, chinayambira pa tsankho la bambo wawo lomwe linaonekera pa malaya. Pa Oweruza 11 Yefita anapirikitsidwa ndi abale ake kuti asalandire cholowa chifukwa anali mwana wa mkazi wina. Koma m'Malemba omwewo muli Moredekai amene analera Estere ngati mwana wake, muli Yosefe wa ku Nazarete amene anathawitsira ku Aigupto mwana amene sanamubale, namulera mpaka anthu anamutcha mwana wa mmisiri wa mitengo.

Chotero ndikupempha amene mukukonzekera kulowa m'banja lotere kuti pa chilangizo mubwere ndi ankhoswe anu, tikambirane poyera za ana: kumene adzakhale, amene adzawalange, ndi mmene adzayenderane ndi kholo lawo lina kapena abale a malemu. Musakakamize mwana kukutchulani dzina limene mtima wake sunalivomere, ndipo musanyoze kholo lake iye akumva. Lembani wilo mukadali moyo, pakuti ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma kukhala mlandu, mikangano imakula pamene ana a nyumba ziwiri sanasiyiridwe mawu omveka. Makolo, khalani pansi muzionera limodzi ndi ana anu mafilimuwa, ndipo filimu ikatha muwafunse ngati zimene aonazo zikufanana ndi za m'nyumba mwanu, kenaka mumve yankho lawo popanda kukalipa.

Akulu a mpingo adzayendera mabanja amenewa m'madera awo, ndipo aliyense wofuna kukambirana nane payekha andipeze mapemphero a Lamulungu akatha.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu