Olimpiki ya pa ayezi ikatha, bilu amatsala nayo ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa masewera a Olimpiki a nyengo yozizira, aja amachitikira pa chipale ndi pa ayezi. Mzinda uliwonse ukamalimbirana mwayi wolandira masewerawa, atsogoleri ake amalonjeza misewu, alendo, ntchito ndi mabwalo oti adzadyerere ndi zidzukulu zomwe. Ine ndakalambira pa ntchito yokonza mafiriji ndi zipinda zoziziritsira katundu, ndiye ndikamva malonjezo otere mtima wanga umathamangira ku makina osunga ayeziyo kuti asasungunuke, komanso kwa amene adzawalipirire alendo akabwerera kwawo.

Taganizani za njira ya bobsleigh, momwe tingolo topanda mateyala timatsetsereka pa liwiro loposa makilomita 120 pa ola. Kwa ife amisiri imene ija ndi firiji yotalika pafupifupi kilomita ndi theka, yopanda chitseko, yoikidwa pamtetete m'mbali mwa phiri. M'kati mwa konkire yake mwadutsa mapaipi, m'mapaipimo mumayenda amoniya kapena madzi ena oziziritsa, ndipo makompuresa amalira usana ndi usiku. Antchito amawaza madzi, kupala ayeziyo ndi manja mpaka asalale, dzuwa likaomba n'kutchinga ndi nsalu. Amoniya si woseweretsa. Akangodontha pang'ono maso amalengeza misozi, mphuno kuwotcha, ndipo akachuluka amapha. Choncho pamafunika amisiri apamalipiro chaka chonse, kaya pali mpikisano kaya palibe. Tsono anthu ochita masewera amenewa padziko lonse ndi ochepa kwambiri moti sangadzaze njira zonse zimene zinamangidwa kale.

Italy ikuidziwa bwino nkhaniyi. Pokonzekera masewera a ku Turin a 2006 inamanga njira yotere ku Cesana ndi ndalama zoposa mayuro 100 miliyoni. Pofika 2011 njirayo inali itatsekedwa chifukwa panalibe wopirira mtengo woiyendetsera, ndipo kenako amoniya anachotsedwamo. Malo odumphira a ku Pragelato nawonso anangokhala. Ku Japan, mzinda wa Nagano, umene unalandira masewera a 1998, unasiya kuumitsa ayezi pa njira yake yotchedwa Spiral mu 2018 pa chifukwa chomwecho. Ya ku Sarajevo ku Bosnia ya 1984, imene zithunzi zake zimafala ili yolembedwalembedwa ndi penti m'nkhalango ya phiri la Trebević, sindiiwerengera pamodzi ndi zinazi, poti iyo inawonongeka ndi nkhondo ya m'ma 1990.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti Italy yomweyo yabwerezanso. Pa masewera a Milan ndi Cortina a 2026, ngakhale bungwe loyendetsa Olimpiki padziko lonse la IOC linalangiza kuti angobwereka njira imene ilipo kale m'maiko oyandikana nawo, monga ya ku St. Moritz ku Switzerland kapena ya ku Innsbruck ku Austria, boma linakana. Anagwetsa mitengo yakalekale, n'kumanga njira yatsopano ku Cortina, nayonso yoposa mayuro 100 miliyoni. Anaimanga pamalo pomwe panali njira yakale ya dzina la katswiri wawo Eugenio Monti, imene inatsekedwa mu 2008. Ulemu wa dziko ndimaumvetsa, koma kompuresa saona mbendera.

Za Sochi ku Russia sindichulukitsa. Madola pafupifupi 50 biliyoni pa masewera a 2014 anaopseza mizinda yambiri. Ku PyeongChang ku South Korea mu 2018 anamanga bwalo la anthu 35,000, analigwiritsa ntchito pa miyambo yotsegulira ndi kutsekera Olimpiki ndi Paralimpiki, kenako analigwetsa. Ambiri anaseka, koma ine ndimati bola iwo anavomereza msanga kuti sangalisamale. Chondipweteka kumeneko ndi nkhalango yakale ya paphiri la Gariwang, imene anailambula kuti papite njira yotsetserekera ya masiku ochepa chabe. Mtengo sungaumangenso ndi kontilakitala.

Sindikunena kuti palibe amene anapindula. Sitima yothamanga ya Shinkansen inafika ku Nagano mu 1997 ndipo ikunyamulabe anthu. Ku Vancouver sitima ya Canada Line, yolumikiza mzinda ndi bwalo la ndege, ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kufupi ndi kumeneko, ku Richmond, masewera a 2010 atatha anachotsa bwalo lalikulu lothamangirapo pa ayezi, nyumbayo n'kuisandutsa malo a masewera osiyanasiyana a anthu wamba. Amenewo ndiye anaganiza mwaumisiri, anachepetsa malo ofunika kuziziritsa. Lillehammer, tauni yaing'ono ya ku Norway, inasamala mabwalo ake a 1994 mpaka inadzachitirapo Olimpiki ya achinyamata mu 2016.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Salt Lake City ku America. Masewera a 2002 anali ndi mbiri yoipa ya ziphuphu pa nthawi yosankha mzindawo, zimenezo sitibisa. Komabe atatha kunatsala phindu, ndipo madola pafupifupi 76 miliyoni anaikidwa m'thumba lapadera losamalira mabwalo. Ndalama zimenezo zakhala zikuthandiza kulipira amisiri ndi magetsi, pamene alendo wamba amalipira kuti akwere bobsleigh ku Park City. Lero mabwalo aja akadali amoyo, ndipo mzindawu wapatsidwanso masewera a 2034 popanda kuyambira pa maziko.

Anthu okhoma misonkho anazindikira kalekale. Mu 1972 ovota a ku Colorado anakana kulipirira masewera a 1976, mzinda wawo wa Denver n'kuwabweza, ndipo anakachitikira ku Innsbruck. Oslo inatuluka pa mpikisano wolimbirana kulandira masewera a 2022, kunangotsala Beijing ndi Almaty. Calgary ya ku Canada nayo inakana masewera a 2026 mu 2018. Onjezani kusintha kwa nyengo: ku Beijing pafupifupi chipale chonse chinali chopangidwa ndi makina, kutanthauza mapampu enanso, madzi enanso ndi magetsi enanso.

Maganizo anga ndi akuti masewerawa azingozungulira m'malo ochepa amene ali kale ndi mabwalo ndiponso kuzizira kodalirika. Ndipo mzinda usanapatsidwe mwayi, uzionetsa kaye poyera thumba lolipirira amisiri, magetsi ndi zipangizo kwa zaka zosachepera 20. Inunso Akonzi, musadzangotipatsa mndandanda wa mamendulo. Ikadzakwana 2031 mudzatifufuzire ngati makompuresa a ku Cortina akulirabe.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa mafiriji wopuma pantchito