Za tsitsi la apongozi anga

Mwana wanga,

Lamlungu lija ndinachoka kwanu ku Dzivarasekwa mtima ukundiwawa. M'makombi onse awiri mpaka kufika kuno ku Mabvuku ndimangomva mawu ako aja akuti, “Kodi amakumetani ndani usiku?” Iwe unaseka, ana anaseka, apongozi anga, mkazi wakoyo, nawonso anaseka, kenako anakatsuka mbale zotsukatsuka kale. Sindinafune kukudzudzula pamaso pa ana ako, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndinawatsatira kukhitchini ndipo anandivulira duku. Malo atatu osalala, ozungulira ngati ndalama yachitsulo, opanda chilonda. Dokotala wa khungu anawauza kuti ndi alopecia areata. Asilikali a m'thupi, omwe ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, amasokonezeka n'kuyamba kuukira mizu ya tsitsi la mwini wake. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi awiri amadzakumana nazo pa moyo wawo. Si chipere. Chipere chija unadwala uli kupulayimale chinali ndi nkhanambo, chinkayabwa, ndipo unapatsira mng'ono wako. Izi sizipatsirana. Ndiye zowapatulira chipeso, thaulo ndi pilo zithe lero lomwe. Ukudziwa mmene zimapwetekera kusalidwa pabedi pako pomwe?

Azakhali ako ayamba kale zawo, ati wina anatola tsitsi kusaluni, tipite ku maula. Amenewo ndisiyire, ndithana nawo ndine. Iwenso mafuta aja unagula ku Mbare, osadziwika n'komwe chimene anathiramo, taya. Khungu la pamutu likapsa ndiye tidzalira zenizeni. Ndipo usamawanene kuti ndi meshi. N'zoona kuti kuluka kokoka kwambiri kumasosola tsitsi, makamaka m'mbali mwa chipumi, koma limenelo ndi vuto lina.

Chimene chimavuta pa nthendayi ndi kudikira. Mizu siifa, choncho tsitsi limatha kumeranso, kwa ambiri pakatha miyezi, ndipo limayamba lofewa, nthawi zina loyera ngati imvi. Likhozanso kumera apa n'kuthothoka pena. Ena limawathera mutu wonse, ena mpaka nsidze. Jakisoni wa steroid amene akuwabaya pamalo othothokawo amabwerezedwa pakapita masabata angapo, ndipo zotsatira zake sizioneka msanga. Ku America anavomereza mapiritsi a baricitinib mu 2022 kwa amene zawafika poipa, koma ndi odula, ndipo ndi nkhani ya dokotala imeneyo. Tsono leka kuwalonjeza kuti pofika Khirisimasi likhala litamera. Lekanso kuwasuzumira pamutu m'mawa uliwonse ngati mlimi woyendera chimanga chobzala ndi mvula yoyamba. Ukamatero amaona ngati chikondi chako chikudikira tsitsi.

Ukukumbuka kanema uja unandionetsa pafoni mu 2022, Will Smith akuwomba Chris Rock khofi pa mwambo wopereka mphoto za mafilimu wa Oscars? Nthabwala ija inali yonena mutu wa Jada Pinkett Smith, mkazi wa Will Smith, yemwe anali ataulula mu 2018 kuti ali ndi alopecia. Sindikuti ukamenye munthu, ayi ndithu, mwamuna uja analakwa. Koma kumeneko wonyoza anali wakunja. Kwanu wonyoza wagona m'nyumba momwemo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: dazi la malemu bambo ako ndaliona layamba kukuyendera pachipumi. Kungoti mwamuna wadazi amati ndi wandalama, pomwe mkazi amamuloza chala mu kombi, kutchalitchi, ngakhale pamzere wa madzi pamjigo.

Za wigi, duku kapena kumeta mpala, mwini mutu ndiye anene. Akafuna wigi, tulutsa ndalama osawerengera kuti mwezi watha unagulanso chiyani, ndipo ikhale yosafinya, yosamata ndi guluu. Akafuna kumeta, tenga makina uwamete ndiwe. Dziwa kuti kwathu mkazi akameta mpala anthu amafunsa kuti kwagwanji, poganiza za maliro. Mugwirizane kaye awirinu choyankha. Ngati akulola, mawu ochepa akwana: ndi matenda a khungu, sapatsirana. Ngati sakulola, tseka pakamwa, ngakhale kwa abale ako a ku Dedza pa WhatsApp. Ana auzeni zoona mwachidule, asakamve zopotoka kwa anzawo.

Dzuwa la Okutobala muno mu Harare limawotcha khungu lopanda tsitsi, ndiye chipewa chisasowe. Ikafika Juni adzafuna chaubweya, chogona nacho chomwe.

Masiku ena adzalira popanda chifukwa chooneka. Usathamangire kunena kuti “ndi tsitsi chabe, ena akudwala khansa.” Amadziwa zimenezo kuposa iwe. Khala nawo pansi, uwafunse chimene akufuna, ukawaphikire ana nsima. Sikukuchotsera ulemu.

Anandiuza kuti Lachinayi abwereranso kwa dokotala, ndipo maulendo awiri apitawa anapita okha. Pempha tchuthi kuntchito upite nawo. Ine ndifika Lachitatu madzulo kudzakhala ndi adzukulu anga, ndibweretsa chigwada ndi nsinjiro. Ndikamafika ndipeze utapepesa kale za nthabwala ija.

Ndine mayi ako.