Imbani nyimbo zakale, koma tchulani eni ake

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa chimbale cha nyimbo zakale chimene mmodzi mwa oyimba achinyamata a kumudziko watulutsa. Dzina lake sinditchula, chifukwa cholinga changa si kumuchititsa manyazi, komanso amene akuchita zimene ndikudandaulazi si iye yekha.

Ndikulemba kuchokera ku Mufakose, kuno ku Harare. Ndine telala, ndinabadwira konkuno. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza pa nthawi ya chitaganya kudzafuna ntchito, kenaka anapita kukatenga mayi. Mayiwo alipo, ndimakhala nawo, koma ukalamba wawagwira ndithu. Masiku ena amandiitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, ndipo ndinasiya kuwakonza, ndimangovomera.

Lamulungu lina masana magetsi atazima, mwana wa mchemwali wanga anabwera ndi kasipika kake kolumikiza ku foni. Anati, “Malume, tamverani izi, zachokera kwanu.” Mayi anali pakhonde pa mkeka, lichero lili pamiyendo, akusadzula nkhwani. Nyimbo yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa, iwo osadzutsa mutu. Itayamba yachitatu manja awo anaima, tsamba lili m'manja ulusi wake uli lendee. Anayamba kung'ung'udza, kenaka mawu anatuluka, onse, mwadongosolo lake, osaphonya ndi limodzi lomwe. Munthu amene m'mawa womwewo anandifunsa kawiri ngati wamwa kale tiyi! Ine ndinali pakhomo ndi tepi m'khosi, misozi inangolengeza.

Koma pakatikati mnyamata wa m'chimbalemo anabwerera ku kolasi, mayi n'kupitirira okha ndi ndime ina imene munalibe. Ataona kuti akuimba okha anasiya.

“Iwe, tabwezera. Wadumpha.”

“Agogo, sindinadumphe, ndi mmene ilili.”

“Ayi. Pali paja mkazi amapita kusiteshoni kukafunsa anthu otsika sitima ngati anamuona mwamuna wake. Wapasiya bwanji pamenepo?”

Kenaka anafunsa kuti nyimboyo ndi ya yani. Mdzukulu wawoyo anatchula dzina la woyimbayo. Iwo anapukusa mutu: “Uyo ndi woyimba. Ine ndikufunsa mwini wake.” Ankamukumbukira kuti anali bambo wa gitala, wa mawu osasa pang'ono, amene ankamumva pa wailesi ya ku Lusaka ali mtsikana. Dzina ndiye linawathawa. Analimbana nalo mpaka thukuta pamphumi, osalipeza. Tinati tiwathandize poyang'ana pa foni. Tinapeza dzina la woyimba, dzina la wojambula nyimbo, dzina la situdiyo, ngakhale la amene anamusokera zovala za pachikuto. Pamalo pa wopeka nyimbo anangolemba liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti ndi ya makolo, ilibe mwini. Nyimbo zonse za m'chimbalemo analemba chimodzimodzi.

Izi ndi zimene zandilembetsa kalatayi, a Mkonzi.

Ndisananene zambiri, ndiyamike. Mnyamatayo ali ndi mawu, ndipo chimbalecho anachijambula mwaukhondo. Kuno ana athu ukawayankhula m'Chichewa amakuyankha m'Chishona, ena amachita manyazi kudziwika kuti makolo awo anachokera ku Malawi, chifukwa cha mayina onyoza amene tinakula tikuitanidwa nawo. Malamulo a dziko lino a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, komabe pepala silingalowetse chiyankhulo m'kamwa mwa mwana. Nyimbo ndiye zimatha. Tinaziona ndi a Nicholas Zakaria ndi a Alick Macheso, mmene ankati akaponya Chichewa pakati pa nyimbo zawo za sungura ana athu omwewo n'kumaimba mokweza m'makombi. Chimbale ichinso chachita zomwezo. Amene amati tsabola wakale sawawa akanabwera kwathu tsiku limenelo akanaona okha.

Ndipo kuimba nyimbo ya mnzako si mlandu. Nyimbo zakhala zikuyenda ndi anthu kuyambira kale. A Daniel Kachamba, amene a ku Chileka amawanyadira, anakhalako kuno ali mnyamata, ku lokeshoni imene lero timaitcha Mbare, ndipo kwela ya zitoliro ya ku Joni inali paliponse nthawi imeneyo. Anapita nayo kumudzi, n'kuiphika mwa njira yawo, ikukhala yathu. Palibe amene angawanene kuti anaba.

Vuto limayamba dzina likafufutidwa. Ife a kuno tili ndi zitsanzo ziwiri zimene aliyense wokonda nyimbo amazidziwa. A August Musarurwa anapeka Skokiaan akuimba ndi bandi ya ku Bulawayo. Louis Armstrong anaijambulanso mu 1954, oyimba ena ambiri a ku America anachitanso chimodzimodzi, koma dzina la a Musarurwa linatsagana nayo nyimboyo, ndipo Armstrong atabwera kuno mu 1960 anakumana nawo maso ndi maso. Tsono taonani za a Solomon Linda a ku South Africa. Anajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasinthidwa dzina, inapindulitsa anthu ochuluka amene sanawaonepo n'komwe, pamene eni ake anamwalira mu 1962 ali mu umphawi. Ana awo anadzapeza chilungamo mu 2006, patapita zaka 44 bambo awo ali m'manda. Kwa nthawi yaitali anthu a kunjako ankangoganiza kuti ndi nyimbo ya makolo ya Azulu, yopanda mwini. Ndi liwu lomwelija limene ndinaliona pa foni ya mwana wa mchemwali wanga uja.

Timadandaula azungu akatichita zotere. Nanga tikamachitirana tokhatokha tiziti chiyani?

Zoona, zilipo nyimbo zimene mwini wake ndi mudzi wonse: za pamtondo, za chinamwali, za kumaliro, za gule. Koma nyimbo za gitala ndi banjo zimene zinkamveka pa wailesi zinali ndi anthu ozipeka, anthu a mayina awo ndi midzi yawo, ambiri a iwo osauka, ena osaona ngati a Allan Namoko a ku Thyolo. Anasiya akazi amasiye, ana ndi zidzukulu. Lamulo la ku Malawi la mu 2016 loteteza ntchito za luso limati umwini wa nyimbo umakhalapo moyo wonse wa woipeka, ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Ndiye kuti nyimbo ya munthu amene anatisiya m'zaka za m'ma 1980 ikadali ndi eni ake lero lino. Bungwe la COSOMA lilipo kuti litolere ndalama zotere, monga mmene ZIMURA imachitira kuno. Koma lingapereke bwanji ndalama kwa banja la munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse?

Wina anena kuti mayinawo ndi ovuta kuwapeza. Sindikukana kuti ndi ntchito, koma si ntchito yosatheka. Wailesi ya MBC yakhala ikujambula oyimba kuchokera pamene dziko la Malawi linalandira ufulu mu 1964. A Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo ankalemba woyimba ndi malo. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Kuposa zonsezi, alipo agogo m'midzi ndi m'malokeshoni amene akukumbukirabe. Ndalama imene inapita pa suti ya pachikuto ikanakwana basi yopita ku Mulanje kapena ku Ntcheu kukafunsa. Ine ndimasoka masuti, mtengo wake ndikuudziwa.

Njira yabwino tinaionetsedwa kale. Pamene a Patience Namadingo anakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda mu 2020, gogoyo ali ndi zaka 90, sanawalande nyimbo zawo. Anawaika pambali pawo, anaimba nawo limodzi, ndipo nyimboyo itafalikira pa TikTok dziko lonse linaona nkhope ya mwini wake. Ngakhale ana a kuno ku Mufakose amene sanapondepo ku Chiradzulu akuwadziwa a Chalamanda. Kodi a Namadingo anachepa nazo? Ine ndinaona ulemu wawo ukukula.

Ndibwererenso ku ndime yodumphidwa ija, chifukwa imandisowetsa tulo kuposa za ndalama. Ndikudziwa chifukwa chake anaichotsa. Ndi yachisoni, imachedwetsa gule, ndipo nyimbo za masiku ano amazifuna zazifupi zoti anthu azivina pa ukwati. Koma nyimbo ija mtima wake uli pomwepo. Ndi nyimbo ya matchona. Ndi ya akazi amene amuna awo anatengedwa ndi Wenela kapena Mthandizi, mabungwe aja olemba anthu ntchito za kunja, n'kungotumiza bulangete limodzi ndi kalata imodzi, basi zii. Mayi anga amawadziwa akazi amenewo ndi mayina awo. Mmodzi anali mchemwali wawo weniweni, amene anadikira mpaka imvi. Ife amene tili kuno ndife mbali ina ya nkhani yomweyo, ndife ana a amuna amene sanatsike sitima ija. Ukachotsa mkazi wa pasiteshoni, chotsala ndi kolasi yokoma yovinira, ndipo mwana amene akuimva koyamba sadzadziwa kuti anthu ankalira nayo.

Pantchito yanga anthu amandibweretsera majekete a malemu bambo awo kuti ndiwachepetsere. Ndimasintha mabatani, ndimatembenuza kolala yothetheka, ndimabweza m'chiuno. Koma kansalu ka m'kati kolembedwa dzina la amene anasoka sindikachotsa, ndipo mwini jekete atapeza kuti ndakachotsa n'kusokererapo langa, sangabwerenso pa shopu yanga. Zoimbira zamakono aikemo, sindikuletsa, ngakhale kuti ine khutu langa limasowa kulira kwa banjo ndi chisekese pamene iwo aika ng'oma za pa kompyuta. Izo ndi zokonda za munthu. Koma mawu a nyimbo ndi dzina la woipeka asazikhudze.

Pempho langa kwa woyimbayu ndi anzake ndi lakuti abwerere ku chimbalecho akalembe mayina. Pa intaneti n'zotheka kukonza ngakhale mawa. Kumene afufuza n'kulephera, anene poyera kuti tikufunafuna mwini wa nyimbo iyi, odziwa atithandize. Adzadabwa kuchuluka kwa anthu amene adzayankhe, ena kuchokera kuno, ku Bulawayo, ku Kitwe ndi ku Joni. Kwa inunso a Mkonzi, atolankhani anu akamalemba za zimbale zoterezi azifunsa funso limene mayi anga anafunsa, ndipo mayankho ake muziwasindikiza.

Madzulo a tsiku lomwelo, magetsi asanayake, mwana wa mchemwali wanga uja anawapempha agogo ake kuti aimbenso ndime ija, iye n'kujambula pa foni. Anaimba kawiri, kachiwiriko mawu akunjenjemera. Tili nayo. Ngati woyimbayo angaifune kuti akaibwezeretse m'malo mwake, alembere ku nyuzipepala yanu, ife tidzamutumizira ulere. Dzina la bambo wa gitala uja mayi akulisakabe. Dzulo anandidzutsa m'bandakucha kuti alikumbukira, koma pamene ndimafika ndi cholembera linali litathawanso.

Ine wanu,
Telala wa ku Mufakose, Harare