Kalata yochokera ku Matemwe

Matemwe, Zanzibar

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse ku Chembe kumeneko. Ine kuno ndili bwino, koma kutentha kokha. Ndalama ija ndinatumiza Lachisanu pa foni ya achemwali. Theka ndi la ukonde, yotsalayo amayi aona okha.

Paja munafunsa za nsomba za m'nyanja yamchereyi. Ilipo imodzi yomwe ndikaiona ndimakumbuka inu. Aswahili amaitcha pono. Ndi yobiriwira mowala, ndipo mano ake ndi omatana ngati mlomo wa chinkhwe. Kadyedwe kake ndi ka mbuna zathu za ku Thumbi zija: kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kupala ndere pamwala basi. Kungoti miyala yakuno, yomwe amati matumbawe, inamangidwa ndi tizilombo tamoyo, ndipo siyolimba ngati yathu. Ndiye pono ikaluma imabenthula ndi mwala womwe. Tikapita ndi alendo pa boti ku chilumba cha Mnemba, ine n'kumira, ndimachita kumva kukukuta kwake pansi pa madzi, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Kukhosi ili ndi mano ena opera ngati mphero. Zakudya zimatsala m'mimba, mwala woperedwa uja umatulukira kumbuyo uli mchenga woyera mbee, ngati ufa ukuwazika m'madzi. Yaikulu imodzi imatulutsa makilogalamu mazanamazana pa chaka. Ndiye Bambo, mchenga umene azungu amalipira ndalama zambirimbiri kuti agonepo, womwenso ine ndimasesa m'mamawa, wina mwa iwo ndi chimbudzi cha nsomba! Ndinamuuza mlendo wina, anadzuka n'kuyala thaulo.

Kukagwa mdima pono imalowa m'phanga, ndipo zina zimadzikuta ndi mamina awoawo ngati neti ya udzudzu. Tulo take ndi tofa nato, moti munthu waulesi kuno amamunena kuti amagona ngati pono. Inu mukanamutcha choncho mng'ono wanga uja.

Asodzi amaikola ndi madema, miono yawo yoluka, ndipo ndiwo yake ndi yofewa, ngakhale chambo sichingaipeze. Koma chondidetsa nkhawa n'chakuti pomwe pono zachepa, ndere imakula n'kuphimba matumbawe. Mu 1998 madzi atatentha kwambiri, matumbawe ambiri kuno anayera n'kufa, ndipo pamalo otero timatumbawe tatsopano timamera bwino pokhapokha pali wopalira. Mwina n'chifukwa chake masiku ano ndikaona pono pamsika dzanja limalemera kuti ndigule, ndimangotenga dagaa, usipa wawo wakuno.

Ngati abwana avomera ndibwera mu Epulo, nyengo yomwe mvula imachuluka alendo n'kuchepa. Magalasi omirira ndagula awiri. Bwato lija mulimate ndisanafike, tikaone mbuna limodzi. Moni kwa agogo.

Ndine mwana wanu.