Za masewero ndi nyimbo za ku Chanco, tiwafunse eni ake adakali moyo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba la makalatali. Mwezi watha kunyumba kwanga kudabwera mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za zisudzo pa koleji ina, ndiye tikucheza pakhonde ndidangotchula kuti nthawi yathu ija sewero lisanakwere pa siteji limayamba lapita ku Censorship Board kukaliwerenga ndi kulidinda. Mnyamata uja kuseka mpaka misozi, akuti amalume inu mumakonda kukokomeza zinthu. Poyamba ndidapsa mtima pang'ono koma kenako ndidaona kuti sadalakwe, angadziwe bwanji poti ifeyo amene tidaziona sitidamuuze. Ndiye chake ndalemba kalatayi.

Ine ndidaphunzira ku Chancellor College, imene timangoti Chanco, ku Zomba m'zaka za m'ma 1980. Ndisaname, sindidali katswiri wa zisudzo ayi, ntchito yanga yaikulu idali kunyamula ng'oma ndi mabenchi komanso kuyankhira nyimbo kumbuyo, koma wonyamula ng'oma amaona zambiri kuposa amene ali kutsogolo.

Kwa amene sakudziwa, Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ku Blantyre, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Gulu lotchedwa Travelling Theatre lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nzeru imeneyi sidali yathu tokha, ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Makerere ku Uganda ana a sukulu adali atayamba kale kukweza sewero m'galimoto n'kumakalionetsa kunja kwa mpanda wa koleji, ndipo anzathu a ku Zambia adali ndi Chikwakwa Theatre pa yunivesite yawo ku Lusaka. Kwathu kuno masewero oyambirirawo ambiri adali a m'Chingerezi ndipo amayendera makamaka sukulu za sekondale, kumene kudalinso mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM womwe umatumiza ku koleji anyamata ndi atsikana oti siteji adayizolowera kale. A James Gibbs amene ankaphunzitsa kumeneko m'zaka zimenezo adalimbikira kuti tizisewera zolemba Amalawi eni ake, mpaka mu 1976 adasonkhanitsa masewero asanu ndi anayi m'buku limodzi. Malemu a Steve Chimombo nawo adatenga nkhani ya Mbona, uja wa kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, n'kuyiumba kukhala sewero la The Rainmaker.

Izi zonse zidalembedwa, wofuna atha kuzipeza mu laibulale. Nkhawa yanga ili pa zomwe sizidalembedwe, ndipo sizikadatheka kulembedwa nthawi imeneyo.

Lamulo loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa mu 1968. Kuyambira pamenepo sewero lililonse loonetsa pagulu limafunika chilolezo, mumatumiza mapepala onse, iwo n'kuwerenga, pena kudula mizere, pena kukana lonse. Ndiye taganizani, pepala limene labwerako ndi chidindo limakhala loyera ngati mwana wakhanda, nkhani ya mfumu ina yakalekale, kapena ya Kalulu ndi Njovu, palibe dzina la munthu wamoyo ngakhale limodzi. Koma usiku wa sewerolo zimakhala zina. Wosewera mfumu amangosintha kayendedwe pang'ono, kapena kukhosomola pamalo pake, kapena kuima kaye osamaliza chiganizo n'kuyang'ana kumwamba, holo yonse n'kuti phwaa kuseka kenako zii nthawi yomweyo, aliyense akuyang'ana mnzake wa pambali poti sumadziwa kuti wakhala ndi ndani. Kuseka kodukiza kumene kuja ndiye kudali sewero lenilenilo. Ukatenga pepala lija lero n'kumupatsa mwana wa mlongo wangayu aliwerenga n'kunena kuti amalume apa palibe kanthu, ndipo akhala akunena zoona, pa pepalapo palibedi kanthu.

Wina asaganize kuti mantha amenewa tinkangodzipangira. Mu 1987 a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi komanso mmodzi mwa amene adayambitsa gulu la olemba la Writers Group pa kolejipo, adamangidwa n'kukawatsekera ku Mikuyu, pafupi pomwepo ndi Zomba, osaonekera kukhoti mpaka 1991. Mphunzitsi wako amene umamuona tsiku ndi tsiku akasowa chonchi umaphunzira kuzimbaitsa mwachangu. Zining'a, mikuluwiko ndi nthano zomwe tinkaziona ngati za agogo kumudzi zidasanduka zida, ndipo ndinganene kuti luso la anthu ambiri lidanoleka chifukwa cha chitseko chotsekacho, ngakhale sindikufuna m'pang'ono pomwe kuti masiku amenewo abwerere.

Chinthu china chachikulu chidachitika kumayambiriro kwa m'ma 1980, pamene Travelling Theatre motsogozedwa ndi a Chris Kamlongera ndi a David Kerr idayamba kupanga masewero m'Chichewa, osalemba mzere ndi mzere koma kumangogwirizana mutu wa nkhani n'kumaumba pa pulakatisi. Ndivomereze kuti enafe poyamba tinkazipeputsa, tidali tangotuluka kusekondale kumene ukayankhula Chichewa umalandira chibalo, ndiye kwa ife sewero lenileni limayenera kukhala la Chingerezi chovuta. Tidachira matenda amenewo titafika kumidzi. Chapakati pa zaka zomwezo gululi lidagwira ntchito ndi a zaumoyo m'dera la Liwonde, m'midzi ya cha ku Mwima, pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsegula m'mimba. Kachitidwe kake kadali koti mumayamba mwacheza ndi anthu, kumva zomwe zikuwadya, kenako n'kupanga sewero kuchokera pa zomwezo, ndipo pakati pa sewero wosewera amatembenuka n'kufunsa anthu kuti nanga inu mukuti tichite bwanji.

Sindidzaiwala tsiku lina pansi pa mtengo wa mango, mnzathu akusewera bambo waulesi wokana kukumba chimbudzi. Agogo ena aakazi adadzuka pamkeka ndi ndodo yawo, kulowa m'bwalo n'kuyamba kumukalipira ngati mkamwini wawo weniweni, mpaka kumuuza kuti akapitiriza chonchi atenge zake azipita kwawo. Mnzathuyo sadatuluke m'sewero, adagwada n'kuyamba kupepesa, anthu kugwa nako kuseka, ndipo zitatha izo mkangano weniweni udabuka pakati pa eni mudzi okhaokha za amene ayenera kusamala chitsime, ife tidangokhala pambali ndi ng'oma zathu. Ndani adalemba zimene agogo aja adayankhula? Palibe. Nane mawu ake enieni ndidaiwala, ndimangokumbuka ndodo.

Sikuti zonse zidali zokoma. Nthawi zina ndinkaona kuti tafika ndi yankho m'thumba n'kumanamizira kufunsa, ndipo anthu akumudzi si opusa, amadziwa zomwe alendo obwera pa galimoto akufuna kumva. Izinso ndi mbali ya mbiriyi ndipo ziyenera kunenedwa ndi amene adalipo, asanabwere wina kudzazikometsera.

Kumbali ya nyimbo ndiye kwatayika zambiri kuposa. Dipatimenti ya Fine and Performing Arts itakhazikitsidwa, ndi aphunzitsi ngati a Mitchel Strumpf, pa koleji padayamba kumveka zinthu zosakanikirana zedi, chipinda china wina akulimbana ndi piyano, china wina akuphunzira manoti, panja wina akukunga ng'oma padzuwa kapena kuyesa bangwe ndi kaligo. Kumakhalanso misonkhano yophunzitsa makwaya imene imakokera ku Zomba oyimbitsa a m'mipingo ndi m'sukulu, ndipo ndikukhulupirira kuti makwaya ambiri amene timawamva lero ali ndi kachidutswa kochokera kumeneko ngakhale eni ake sadziwa. Koma ine zimene zimandiwawa kwambiri ndi nyimbo za m'masewero. Zambiri tinkatenga za kumudzi, ya pamtondo, ya chimtali, ya maliro, wina wa ku Mzimba kubweretsa yake wina wa ku Mulanje yake, n'kusintha mawu awiri atatu kuti igwirizane ndi nkhani. Pa pepala lopita kukadindidwa pamangolembedwa kuti apa ayimba nyimbo, basi. Ndiye mawu awiri atatu osinthidwa aja, amene nthawi zina ndi omwe amanyamula uthenga wonse, ali m'mitu mwa anthu amene lero ali ndi zaka 60 kapena 70, ena BP, ena shuga, ena tidawaperekeza kale.

Taonani chitsanzo ichi. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, likadali Nyasaland, ndi makina ojambulira mawu, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Chifukwa cha iye munthu atha kumva woyimba bangwe amene adamwalira kalekale. Iyeyo ankafunika galimoto yodzaza ndi zipangizo, ife lero makina oposa amenewo ali m'thumba la aliyense, foni yomweyi timaonerapo mpira ndi kukanganirana pa WhatsApp.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti mutipatse kadanga, ngakhale kamodzi pamwezi, koti amene adasewera, kuyimba kapena kungoonerera ku Great Hall, ku Little Theatre ndi pabwalo lapanja lija azilemba zomwe akukumbuka, m'Chichewa momwemu. Asangolemba mayina a masewero ndi zaka ayi, atiuze kuti anthu adaseka pati ndipo chifukwa chiyani, mzere uti udadulidwa ndipo adauzembetsa bwanji, nyimbo yake imati chiyani isanasinthidwe. Atolankhani anu achinyamata apite ndi foni akakhale ndi akuluakuluwa maola awiri, awapemphe ayimbe, poti munthu amaiwala chaka koma nyimbo saiwala. Ndipo kwa anzanga amene tidali limodzi, tsegulani masutikesi aja. Mapulogalamu otayipidwa pa sitensulo, zithunzi zakuda ndi zoyera, makaseti, zonsezo zijambulidwe bwinobwino ndipo makope apite ku laibulale ya yunivesite komanso ku National Archives komweko ku Zomba, chiswe chisanamalize ntchito yake.

Ndanena za Chanco chifukwa ndi kumene ndikukudziwa, makamaka pano poti kuyambira 2021 dzina loti Chancellor College lidachoka m'mapepala n'kungotsala University of Malawi. Koma a ku Poly, a ku Bunda, a ku Mzuni ndi a m'makoleji a aphunzitsi nawonso adali ndi magulu awo a zisudzo ndi makwaya awo, alembe zawo.

Ine ndiyamba ndekha. Ndili ndi kaseti imodzi ya pulakatisi, tepi yake idatafunidwa pakati koma mbali yoyamba imamveka, ndi chithunzi chimodzi cha anthu 14 titaima kumbuyo kwa lole, ng'oma zili pansi. Ndawerenga kangapo, mayina ndikukumbuka a anthu 9 okha. Mukandilola ndikutumizirani mudzachisindikize, mwina wina adzazindikira asanu enawo.

Ine wowerenga wanu,
Wonyamula ng'oma wakale