Lipoti la msonkhano wa alangizi a zaumoyo kwa komiti ya zaumoyo m'mudzi mwathu

A Mfumu, a Tcheyamani ndi mamembala nonse, nazi zomwe ndatenga ku msonkhano womwe munandituma kuchipatala chathu chaching'ono.

Alangizi anayamba ndi kutikumbutsa kuti tizilombo toyambitsa matenda si tamtundu umodzi. Kolera, taifodi ndi chifuwa chachikulu zimabwera ndi mabakiteriya. Chikuku, poliyo, chimfine ndi HIV ndi mavairasi. Chipere cha ana athu ndi fangasi. Malungo amabwera ndi kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu, pomwe tinyongolotsi ta likodzo timaswana mu nkhono za m'madzi odikha, kenako n'kulowa pakhungu la mwana amene akusambira. Iwo anatsindika kuti amoxicillin amene anthu amagula pagolosale akangomva chimfine sapha mavairasi. Kumwa mankhwalawa mosayenera kumangochititsa kuti mabakiteriya asiye kuwamva.

Nthawi yambiri inapita pa kolera, ndipo m'pake. Mliri womwe unayamba ku Machinga mu March 2022 unafika maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ana a sukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira mu January 2023 chifukwa cha mliri womwewu. Njira ya kachilomboka ndi imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha munthu wodwala kukalowa mkamwa mwa wina, kudzera m'madzi, m'manja, m'chakudya kapena pa ntchentche.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ifeyo tili pachiopsezo. Madzi a pamjigo wathu amatuluka abwino, koma amakaipira kunyumba. Ndowa yosavundikira ili pakhonde, kapu imodzimodziyo mwana wamwera, waigwetsa pansi, mayi aitola n'kutungiranso. Za pamaliro ndiye musanene: beseni limodzi limazungulira bwalo lonse, womalizira kusamba akusamba litsiro la anthu onse, kenako dzanja lomwelo m'mbale ya nsima. Mfumu ina inadandaula kuti kuleka beseni kungaoneke ngati kunyoza alendo. Ine ndinayankha kuti kuthirirana madzi ndi jagi, sopo ali pafupi, ndi ulemu woposa.

Anatiuzanso kuti tikathira kulolini m'madzi tidikire mphindi 30 tisanamwe, ndipo wotsegula m'mimba madzi okhaokha ayambe kumwa Thanzi ORS ali panjira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Pempho langa nali. Dzinja lisanafike, tigawane zigawo za mudzi, tilembe makomo opanda chimbudzi, chivundikiro kapena mpondagiya. Pa ndalama za mjigo, tipatulepo zogulira ndowa ziwiri za mpopi zoti zizibwerekedwa pamaliro ndi paukwati. A Mfumu, ndikupemphanso kuti nkhani ya beseniyi muilengeze nokha pa msonkhano wa mudzi, chifukwa ikachokera kwa ife a komiti ena adzati tikudziyesa madokotala.